Buku la Kemisitiri Lomwe a Elina Analidula ndi Mpeni

Ku Ivory Park kuno ku Joni mukafunsa kuti a Elina amakhala pati, anthu amangokuyang'anani. Koma nenani kuti mukufuna mayi wa buku, ngakhale Mzulu wogulitsa malasha pakona akulozerani geti lathu. Ndikuti lathu chifukwa ine Jessica ndi a Elina timakhala bwalo limodzi, nyumba yanga yamalata kuno, yawo uko, mpopi pakati. Ine ndimaluka ndi kuwongola tsitsi. Iwo amagwira ntchito ya m'nyumba ku Midrand, ndipo Loweruka amasakaniza sopo wamadzi wotsukira mbale n'kumagulitsa m'mabotolo a zakumwa.

Kwawo ndi ku Balaka. Sukulu analekezera Fomu 3 bambo awo atamwalira, ndipo nkhani ya sukuluyo mpaka lero amaikamba ngati yachitika dzulo. Amati kwawoko labu inali pabolodi. Mphunzitsi ankajambula botolo ndi choko, n'kunena kuti, "Tsopano tangoganizani kuti madziwa asanduka ofiira." Ana onse ankavomera kuti aganiza. A Elina okha ankapita kunyumba mtima ukuwawa, chifukwa iwo sankafuna kuganiza, ankafuna kuona. Kenako anabwera ku Joni, anakwatiwa ndi malemu a Abednego, mwana wa Mmalawi wa kumigodi wobadwira konkuno, nabereka mwana mmodzi wamkazi, Upile.

Bukulo analitola pafupi ndi bini. Mwana wa adona awo anayamba kemisitiri ku yunivesite, anaona kuti phiri lake ndi lalitali, n'kuthawira ku makompyuta, buku n'kulitaya. Musaganize za kabuku ayi. Chinali chibuku chija amayambira nacho ophunzira a chaka choyamba, chonenepa, cholemera ngati mwana wakhanda wodya bwino, chodzaza zithunzi za timipira tolumikizana ndi manambala. A Elina anafika nacho pabwalo atachisenza pamutu, akuseka okha ngati munthu wotola chikwama.

Vuto linayambira mu takisi. Nthawi yowerenga a Elina analibe ina koma ya pamsewu, popita ndi pobwera, ndipo takisi za kuno mumazidziwa: mpando wa anthu atatu mumakhala anayi, chigongono cha mnzako chili m'nthiti mwako. Akatsegula buku, theka linkagona pamiyendo ya munthu wina. Mayi wina anawauza kuti ngati bukulo likufuna kukhala, lilipire mpando wake. Loweruka lotsatira ndinawapeza a Elina pakhomo, buku pamwendo, mpeni wa kukhitchini m'manja, akulidula kumsana chaputala ndi chaputala.

"Amake Upile, mwapenga kodi?" ndinakuwa ine.

"Jessica, ng'ombe imadyedwa yathunthu? Bweretsa ulusi timange nthulizi."

Kuyambira pamenepo m'chikwama mwawo munkakhala ambulera, chidebe cha chakudya ndi chaputala chimodzi. Kuwerenga kwake kunali kwa kamba. Chizungu cha mmenemo n'chouma, ndiye ankafufuza mawu pa foni, chaputala chimodzi n'kutha nacho miyezi. Mafunso a kumapeto ambiri ankawalephera, ndipo sankabisa. Koma tsiku limene yankho lawo lafanana ndi la kumbuyo kwa buku, bwalo lonse linkadziwa. Ankatuluka ndi pepala m'manja akufuula kuti, "Lafanana! Lafanana!" Ine mutu wa kasitomala uli m'manja ndinkangoti zikomo kwambiri, ngakhale sindinkadziwa kuti chafanana ndi chiyani.

Tsiku limene sindidzaiwala ndi la kabichi. Atafika pa chaputala cha asidi, anagula kabichi wofiira, anamuwiritsa, natiitana tonse kumpopi. Anathira madzi ake m'makapu atatu agalasi. M'kapu yoyamba anadonthezamo viniga, madzi aja n'kusanduka apinki pomwepo. M'yachiwiri anathiramo soda, madzi n'kubiriwira. Kenako anatapa pang'ono mankhwala anga owongolera tsitsi n'kuponya m'kapu yachitatu, madzi n'kuyamba kupita ku chikasu. Ana anakuwa, ine ndinalumpha. Nditatembenuka ndinaona a Elina misozi ili mbwembwembwe, kwinaku akuseka.

"Asanduka, Jessica. Sindinaganize ayi, ndaona ndi maso angawa."

Tsiku lomwelo anandikalipira kuti ndisamagwirenso mankhwala aja ndi manja opanda magolovesi, ndipo ndinamvera.

Tsopano a Elina ali ndi matenda amodzi: chimwemwe sichiwakhala m'mimba. Akadziwa kanthu, mpaka wina adziwenso. Ndiye Lamlungu tikatuluka m'tchalitchi, pamene Amalawi timaima panja kufunsana za kumudzi, iwo ankatchera khutu kumva amene akudandaula za ntchito. A Davide, amene amakonza mabatire a galimoto ku Jeppestown, anangoti batire lina likuwazunguza mutu, sabata yotsatira analandira chaputala cha magetsi a m'batire. A Hendrick ogulitsa gasi ku Diepsloot anapatsidwa cha mipweya. Ine anandikakamiza cha kasakanizidwe ka zinthu m'madzi, ati chindithandiza pa dayi wa tsitsi. Ndipo che Majidu, a ku Mangochi, amene ankasamalira maluwa nyumba yoyandikana ndi kuntchito kwawo, atadandaula kuti dziwe losambiramo la abwana awo labiriwira ndipo ntchito iwathera, a Elina anawapatsira pampanda chaputala cha asidi chija, chimene ankachikonda kuposa zonse. Anawafotokozeranso za kabichi, poti nkhani imeneyo sankasiya munthu osamuuza.

Ine ndinkawachenjeza. "Amake Upile, fodya wako ndi amene ali pamphuno. Anthuwa sabweza."

"Kupatsa n'kuika," ankayankha choncho, nkhani n'kuthera pomwepo.

Munthu mmodzi yekha sankaseka nawo za bukuli, ndiye Upile. Mwana ameneyu ndi waukhondo wonyanya. Mabuku ake onse amawakutira ndi pulasitiki, ndipo ukapinda kona ya tsamba amakuyang'ana ngati wamuponda chala. Anzake akabwera kudzacheza, ankabisa nthuli za amayi ake pansi pa pilo. Sananene kuti akuchita manyazi, koma ife akuluakulu tinkaona.

Januwale wa chaka chino zotsatira za mayeso omaliza sekondale zinatuluka. Upile anakhoza, osati kukhoza kwa mwamwayi ayi, koma kwa kumwamba, ndipo yunivesite ya m'tauni inamupatsa malo kuti akaphunzire sayansi. Abale inu, pabwalo pathu panali fumbi! Ine ndinasiya kasitomala mutu uli theka n'kuyamba nthungululu. A Elina anavina atanyamula chidebe cha sopo, thovu lili ponseponse. Azimayi a Chizulu oyandikana nafe anabwera kudzavina nawo asanafunse n'komwe kuti kwagwanji.

Chimwemwecho chinakhala mpaka pamene pa foni ya Upile panabwera uthenga wa mabuku ofunika. Anatsegula chithunzi cha buku la kemisitiri, anachiyang'ana, kenako anatembenuka pang'onopang'ono kuyang'ana chidebe cha sopo. Chovundikira chidebecho chinali chikuto cha buku la amayi ake. Dzina lake lomwelo, olemba ake omwewo. La a Elina linali losindikizidwa kale pang'ono, koma ophunzira a chaka chachiwiri anamuuza Upile kuti lakalelo limagwira ntchito bwinobwino. Mtengo wa latsopano sinditchula, ungakukwezereni BP.

"Hayibo, Mama!" anakuwa Upile. "Buku lomwe ndikufuna linali m'nyumba muno nthawi yonseyi, inu n'kulidula ngati nkhuku? Lili kuti tsopano?"

"Lilipo, mwanangu. Lili kwa anthu."

"Kwa anthu! Anzanga azikatulutsa mabuku, mina ndizikatulutsa zinyenyeswazi? Mwaliwononga, Mama. Mumangowononga basi."

Mawu amenewo anandipsetsa mtima, ndipo ndinamuuza kuti mako ndi mako usamuone kuchepa mwendo. Koma a Elina anandigwira dzanja kuti ndikhale chete. Anachotsa chikuto chija pachidebe, anachipukuta ndi chitenje chawo, nanena motsitsa mawu kuti, "Sukulu isanatsegulidwe, buku likhala lathunthu patebulo apa. Ndalonjeza."

Ulendo wotolera unayamba Lamlungu lotsatira tikuchoka ku tchalitchi, ndipo ine sindikanatsala. Tinayamba ndi Jeppestown. Kashopu ka a Davide n'kongokwana munthu mmodzi ndi mabatire ake, fungo la asidi mpaka kuyabwa m'mphuno. Atamva kuti Upile akupita ku yunivesite, bambo aja anaponya sipanala pansi n'kuyamba kutigwira chanza mobwerezabwereza.

"Eish, mwana wathu! Mwana wathu ameneyo! Dikirani, chemwali, chilipo."

Chinalipodi, chili ndi zidindo za zala zakuda ndi timabowo tiwiri pomwe asidi anadonthera. Tchati cha m'bukumo cha mabokosimabokosi cha mayina a zinthu zonse anali atachikhomera pakhoma ndi misomali, ati makasitomala akachiona amakhulupirira kuti afika kwa dokotala wa mabatire. Anachizula mosamala, natipatsanso magalasi oteteza maso atsopano kuti mwana akavale mu labu.

Ku Diepsloot tinayenda m'tinjira tamatope mpaka nsapato zanga za tchalitchi zinasanduka zina. A Hendrick anaulula kuti iwo anangoona zithunzi, koma tsamba limodzi analimvetsa, loti gasi akatenthedwa amakankha botolo mwamphamvu, ndipo kuyambira pamenepo mabotolo awo amakhala pamthunzi. Chaputala chinali pansi pa matiresi, chowongoka ngati chositidwa. Akazi awo anathamangira kwa mlamu wawo wa ku butchala n'kubwera ndi chikhoti choyera. "Ku labu amavala zoyera, si choncho? Magazi tachapa, musadandaule." Tinaseka mpaka m'mimba kuwawa, koma chikhoticho tinatenga.

Changa ine chinali pashelefu ya dayi, chili ndi dontho lofiirira pakona. Zina zinali kwa mlongo wina wa kwaya, zina pansi pa pilo. Mulu unayamba kukwera patebulo, ndipo madzulo alionse a Elina akaweruka ankausanja potsata manambala a masamba, akuimba nyimbo. Upile ankangodutsa, koma ndinamuona kamodzi akununkhiza chaputala cha a Davide n'kumwetulira mobisa.

Chinatsala chimodzi, cha asidi. Che Majidu anali atapita kumudzi pa Disembala ndipo anali asanabwerere. Foni yawo inkangoti sakupezeka. A Elina anaimba m'mawa, anaimba masana, anatumiza uthenga kwa Amangochi onse amene timawadziwa. Masiku ankatha, tsiku lotsegulira likuyandikira, ndipo nyimbo zija zinaleka. Ine ndinafuna kunena kuti ndinakuuzani, koma nditaona nkhope yawo ndinameza mawu.

Loweruka lina masana, tikusakaniza sopo, foni inalira. Anali che Majidu, nkhope yawo ili pagalasi la foni, kumbuyo kwawo mtengo wa mango.

"Amake Upile! Pepani, netiweki kuno mpaka ukwere chulu. Ndamva mukundifuna."

"Che Majidu, mapepala anga aja. Mwana akupita ku yunivesite, akufunika."

Bambo aja anayamba asangalala, kenako nkhope inagwa. Anakanda m'mutu. Anati dziwe la abwana litayera, mapepala aja anawasunga m'chikwama, n'kupita nawo kumudzi. Kumeneko mwana wa mlongo wawo ali Fomu 4 pa sekondale yoyendera, ndipo sukulu yonse ilibe buku la sayansi lolongosoka. Ndiye iwo anawapereka kwa aphunzitsi, n'kuwafotokozeranso za kabichi.

"Ndimaganiza kuti munandipatsiratu. Tadikirani, muone zimene anachita nawo."

Anatumiza kavidiyo. Upile anatuluka m'nyumba atamva phokoso, tonse atatu n'kuunjikana pa kafoniko. M'kalasi ya njerwa zosapaka, mphunzitsi wachinyamata anaima kutsogolo, mapepala a a Elina ali m'dzanja limodzi, ulusi wanga wakuda uja ukuonekera kumsana. Kabichi wofiira kumeneko kulibe, ndiye iye anawiritsa chidede. Anakweza kapu ya madzi ofiira, anathiramo chidulo, madzi aja n'kuda n'kubiriwira. Kalasi yonse inaphulika. Ana anakwera pamadesiki. Kamtsikana kena kakutsogolo kanagwira kukamwa ndi manja onse awiri, maso ali tong'o, kenako kanakuwa kuti, "Asanduka! Aphunzitsi, asanduka!"

A Elina anaonera kavidiyo kaja mpaka kutha, thovu la sopo likuuma m'manja mwawo.

Che Majidu anaimbanso. "Ndiye nditani, mayi? Ndikalande? Mnzanga akukwera basi ya ku Joni sabata ino, atha kubwera nawo."

A Elina anayang'ana mulu wa patebulo, anayang'ana mwana wawo. Lonjezo ndi lonjezo. "Kalandeni," anatero, mawu ali ochepa ngati a munthu wodwala.

Upile anawalanda foni m'manja.

"Malume, ndine Upile. Musakalande, ngiyacela, chonde. Muwauze aphunzitsi ajambule masamba onse bwinobwino, anditumizire pa foni. Mapepalawo atsale komweko."

"Koma mwanangu," anatero a Elina, "buku likhala ndi mpata."

"Likhale nawo, Mama. Kamtsikana kaja simunakaone?"

Ine mpaka pano sindidziwa kuti ndinalira chifukwa chiyani, poti buku silanga, mwana si wanga. Ndinangozindikira ndikupukuta m'maso ndi golovesi ya sopo, maso n'kuyamba kuwawa zenizeni. Zithunzi zinabwera mawa lake, zina zopendekeka, china chili ndi chala cha aphunzitsi pakona, koma zowerengeka.

Lamlungu lomaliza a Elina anakhala pakhomo ndi singano yosokera matumba. Anaboola nthuli zonse, anazisoka pamodzi ndi ulusi wolimba, anabwezeretsa chikuto chonunkhira sopo, Upile n'kuchikutira ndi pulasitiki yake. Buku linatuluka lonenepa kuposa kale, lotupa ngati mkate, masamba ena akuda, ena ofiirira. Analiika m'manja mwa mwana wawo ndi manja awiri, ngati mmene timaperekera mphatso kwa apongozi. Onse anasangalala, inenso ndinaimba nthungululu. Koma ine ndimawadziwa a Elina. Ndinaona akulongedza chikwama chawo cha kuntchito: ambulera, chidebe cha chakudya, basi. Machaputala omalizira anali asanawawerenge.

M'mawa wa tsiku lotsegulira, bwalo lonse linadzuka kudzaperekeza. Upile anavala bwino, chikhoti cha ku butchala chili chopinda m'chikwama, magalasi a a Davide pamwamba. Anakankhiramo buku, zipi inakana kutseka. Anakoleka chikwama paphewa, anapendekeka. Anayenda mpaka pageti, naima. Kumsewu takisi zinali zikuliza mahutala, iliyonse yodzaza kale anthu anayi pampando.

Anabwerera. "Anti Jessica, ndibwerekeni sizasi."

"Ya tsitsi? Ufuna uchite nayo chiyani?"

Anaika buku pamwendo, analowetsa sizasi yanga yokwera mtengo kumsana kwa bukulo, n'kudula ulusi umene amayi ake anasoka dzulo lake. Ine ndinakuwa chimodzimodzi ngati tsiku la mpeni lija. A Elina anangoti kukamwa yasa. Upile anasolola chaputala choyamba n'kuchiika m'chikwama mwake, zipi n'kutseka bwinobwino. Kenako anafufuza kumapeto, anasolola chimene amayi ake analekezera, anatsegula chikwama chawo cha kuntchito, nachilowetsa pakati pa ambulera ndi chidebe cha chakudya.

"Inu tsogolani, Mama. Ine ndikupezani."

Anatuluka pageti limodzi, aliyense ndi nthuli yake, akuthamangira takisi. Ine ndinatsala ndi buku lotsalalo m'manja ndi sizasi yobuntha, ndipo mpaka lero palibe amene wandigulira ina.